Kayalidwe ka Masamba m'Magazini ya Drum

Mlimi akamaunga mizere m'munda mwake saganiza za mbewu yokha. Amaona kumene madzi amachokera, amayeza mpata wa pakati pa mzere ndi mzere, ndipo amasiya kanjira kodzapitamo pa nthawi yopalira. Mbewu ingakhale yabwino chotani, ikabzalidwa mothinana kapena m'mizere yotsata mtsetse, zokolola zake zimachititsa manyazi. M'nyumba yosindikizira namonso muli mizere, ndipo muli munthu amene ntchito yake ndi kuiunga. Munthuyu salemba nkhani. Iye amalandira nkhani yolembedwa kale pamodzi ndi zithunzi zake, n'kugamula kuti chithunzi ichi chikule motani, mutu wa nkhani ukhale pati, zilembo zikhale za mtundu wanji, ndiponso kuti diso la wowerenga liyambire pati ndi kukathera pati. Kawirikawiri dzina lake silidziwika. Koma magazini ikamatoledwa m'sitolo n'kubwezedwa pomwepo, kapena ikamalimbiranidwa mpaka kung'ambika, gawo lalikulu la mlanduwo kapena la ulemuwo ndi la woyala masamba ameneyu.

Imodzi mwa magazini oonetsa bwino mphamvu ya ntchito imeneyi ndi Drum ya ku South Africa, makamaka monga momwe inkatulukira pakati pa 1951 ndi 1961. Olemba za Drum ambiri amatamanda alembi ake: Henry Nxumalo, Can Themba, Todd Matshikiza, Es'kia Mphahlele, Bloke Modisane ndi anzawo. Kutamandako n'koyenera. Komabe alembi omwewa akadalemba m'magazini yoyalidwa mwa njira ina, mwina mawu awo sakadafika m'manja mwa anthu wamba a m'makomboni a Johannesburg. Tsono n'kofunika kuunika tsamba lenilenilo, kuti zioneke pamene lidatumikira wowerenga ndi pamene lidam'chimwira.

Magaziniyi idayamba kutuluka mu Marichi 1951 mu mzinda wa Cape Town, ndipo dzina lake pa nthawiyo lidali The African Drum. Mkonzi wake woyamba adali Bob Crisp, mtolankhani yemwe adatchuka kale pa masewero a kiriketi. Ndalama zinkachokera kwa Jim Bailey, mwana wa Abe Bailey, mpondamatiki wa migodi. Poyamba akuluakulu a magaziniyi adaganiza kuti munthu wakuda amafuna kuwerenga za nyimbo za makolo, nthano zakale, chipembedzo ndi ulimi. Adaikamonso buku la Alan Paton lotchedwa Cry, the Beloved Country, chigawo chimodzi mwezi uliwonse. Anthu sadaigule mokwanira, ndipo ndalama zinkangolowa m'madzi. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Munthu wogwira ntchito m'fakitale, yemwe mwina adabadwira m'tauni momwemo, adaona kuti magaziniyo ikum'tamandira mudzi womwe boma la tsankho linkafuna kum'thamangitsirako.

Chaka chomwecho Bailey adasamutsira magaziniyo ku Johannesburg. Crisp adachoka, ndipo ukonzi udapita kwa Anthony Sampson, mnyamata wa zaka 25 wochokera ku England. Nkhani zidasintha: m'malo mwa nthano za makolo mudalowa nkhonya, nyimbo za jazi, zigawenga za m'tauni ndi ndale. Nalonso dzina lidafupikitsidwa n'kukhala Drum basi. Kufupikitsaku kumaoneka ngati nkhani yaing'ono, koma kwa woyala masamba kudali chuma. Dzina la mawu atatu limafuna mzere wautali, motero zilembo zake zimayenera kuchepa. Zilembo zinayi zokha zikhoza kunenepa mpaka kuoneka kwa munthu amene ali tsidya lina la msewu. Drum idalemba dzina lake ndi zilembo zoyera zikuluzikulu m'kabokosi kofiira pamwamba pa chikuto. Nzeru imeneyi siidali yachilendo. Magazini ya Life ya ku America, yomwe idayamba mu 1936, idali ndi kabokosi kotero, ndipo Picture Post ya ku Britain, ya mu 1938, nayonso inkadalira zithunzi zazikulu ndi mtundu wofiira pa chikuto. Drum idabwereka, ndipo palibe chifukwa choibisira. Chofunika n'chakuti idabwereka chinthu choyenera msika wake. Wogula wake sankakhala pa mpando m'sitolo ya mabuku n'kumasankha mofatsa. Ankathamangira sitima ya m'mawa, ndipo chikuto chinkayenera kum'kola m'kuphethira kwa diso.

Kuti munthu aweruze kayalidwe ka magazini mwachilungamo, ayenera kuyamba wadziwa wowerenga wake. Wowerenga Drum ankalankhula Chizulu, Chisutu, Chixhosa kapena Chitswana kunyumba. Chingerezi chidali chiyankhulo chake chachiwiri kapena chachitatu. Ambiri adalekezera sukulu m'makalasi a m'munsi, ndipo lamulo la maphunziro a anthu akuda la mu 1953 lidadza kudzachepetsanso chomwe mwana wakuda ankaloledwa kuphunzira. Ankawerenga m'sitima yodzaza kapena m'kachipinda kowala ndi kandulo. Magazini imodzi inkadutsa m'manja ambiri, ndipo ena mwa oigwirawo sankatha kuwerenga konse. Tsamba la Drum lidamangidwa ngati makwerero okwerapo anthu onsewa. Pa sitepe yoyamba padali chithunzi chachikulu, chomwe ngakhale gogo wosadziwa lembo ankachimva. Pa yachiwiri padali mutu wa nkhani, mawu ochepa olembedwa ndi zilembo zonenepa zakuda bii. Pa yachitatu padali mawu ofotokoza chithunzi, mizere iwiri kapena itatu yonena kuti uyu ndani ndipo zidachitikira kuti. Nkhani yeniyeniyo inkadza pomalizira. Munthu ankakwera mpaka pamene mphamvu zake zathera, koma aliyense ankatsika ndi kanthu. Pamenepa ndi pamene pagona ubwino waukulu wa kayalidwe ka Drum, ndipo ndi ubwino womwe magazini ambiri a anthu ophunzira alibe, chifukwa iwo amayamba ndi sitepe yachinayi n'kumadabwa kuti anthu sakukwera.

Munthu amene adathandiza kwambiri kumanga makwererowa ndi Jürgen Schadeberg. Iye adabadwira ku Berlin mu 1931, adafika ku South Africa mu 1950, ndipo ku Drum adakhala wojambula zithunzi wamkulu, wosankha zithunzi, komanso woyang'anira maonekedwe a masamba. Pansi pake padakulira ojambula akuda monga Bob Gosani ndi Peter Magubane, yemwe adalowa ku Drum ngati dalaivala. Popeza woyala masamba adali wojambula zithunzi iye mwini, chithunzi sichinkatengedwa ngati chokometsera chodzazira malo otsala. Chinkatengedwa ngati mboni.

Umboni wotere udaoneka koyamba mu Marichi 1952, pamene magaziniyi inkakwanitsa chaka chimodzi. Henry Nxumalo adapita ku Bethal, dera la minda ya mbatatesi kum'mawa kwa Transvaal, kukafufuza za moyo wa antchito. Adapeza anthu ovala masaka, ogona m'makomboni otsekedwa usiku, olimitsidwa ndi chikwapu. Ambiri adalembedwa ntchito pongokhudza pensulo, osauzidwa bwino zomwe pepala la mgwirizano linkanena. Ena mwa antchito a ku Bethal m'zaka zimenezo adali ochokera kumpoto kwa mtsinje wa Limpopo, kuphatikizapo Nyasaland, anthu omwe adanyamuka kwawo poyembekeza kukafika ku Joni koma adathera m'minda ya mbatatesi. Nkhanza za ku Bethal zidali zitaululidwapo kale mu 1947 ndi Michael Scott ndi Ruth First. Chomwe Drum idawonjezera ndi tsamba loti munthu wamba aone ndi maso ake. Nxumalo adalemba pa dzina loti Mr Drum, ndipo dzina limeneli, poikidwa m'mitu ya nkhani mobwerezabwereza, lidasandutsa magaziniyo kukhala ngati munthu wamoyo woyenda m'malo oopsa m'malo mwa owerenga ake. Mutu wa nkhani ukhoza kuchita ntchito yotere. Mwini munda akhoza kutsutsa ndime khumi za mtolankhani n'kunena kuti ndi bodza. Koma chithunzi cha munthu wovala saka chikakhala pamwamba pa ndimezo, kutsutsako kumam'vuta.

Patapita zaka ziwiri, mu Marichi 1954, Drum idatulutsa nkhani yomwe imakumbukidwa koposa zonse. Nxumalo adadzimangitsa dala pa mlandu woyenda usiku wopanda chiphaso, nakakhala masiku angapo m'ndende ya Johannesburg yotchedwa Number Four. Atatuluka adalemba za kumenyedwa, za zakudya zonyansa, ndi za mchitidwe wotchedwa tauza. Pa mchitidwe umenewu akaidi obwera kuchokera ku ntchito ankavulidwa zovala zonse n'kulamulidwa kudumpha ndi kutembenuka pamaso pa alonda, ati pofuna kuona ngati abisa kanthu m'thupi. Boma likadakana mosavuta. Koma Bob Gosani adakwera pamwamba pa nyumba ya anamwino yoyang'anana ndi bwalo la ndendeyo, najambula zonsezo ali patali.

Apa woyala masamba adakumana ndi funso lovuta, ndipo ndi funso loti wophunzira aliyense wa ntchitoyi alilingalire. Chithunzi chojambulidwa patali ndiponso kuchokera pamwamba chimakhala ndi anthu ang'onoang'ono. Chikachepetsedwa n'kuikidwa pakona pa tsamba, anthuwo amasanduka nyerere, ndipo wowerenga amapitirira osamva kanthu. Chikakulitsidwa, umaliseche wa anthu akuluakulu, abambo a eni, umayalidwa pamaso pa dziko lonse, ana ndi apongozi omwe. Kodi magazini siikuwachititsanso manyazi kachiwiri anthu omwe alonda adawachititsa kale manyazi? Funsoli si lachibwana. Komabe Drum idachita bwino kusindikiza zithunzizo poyera. Mtunda womwe udalipo pakati pa kamera ndi bwalo udabisa nkhope za akaidiwo, kotero kuti choonekera kwenikweni sichidali munthu uyu kapena uyo, koma mzere wa anthu okhala pansi kudikira nthawi yawo ndi mlonda woimirira mosatekeseka. Manyazi a pa chithunzicho adagwera mlonda ndi boma lomwe lidam'lemba ntchito. Chikhala kuti kamera idayandikira mpaka nkhope kudziwika, chiweruzo chikadakhala china.

Pa nkhani ya kudzaza kwa masamba, Drum ikhoza kukhululukidwa pang'ono, koma osati kwathunthu. M'zaka zomwezo ku New York kudali Alexey Brodovitch, yemwe adayala masamba a Harper's Bazaar kuyambira 1934 mpaka 1958. Iye adatchuka posiya malo aakulu oyera pa tsamba, kuti chithunzi chimodzi ndi mawu ochepa zipume bwino. Ophunzitsa ntchitoyi amam'tamanda mpaka lero, ndipo masamba ake ndi okongoladi. Koma malo oyera ndi pepala logulidwa ndi ndalama, ndipo owerenga a Brodovitch adali amayi olemera ogula zovala za ku Paris. Drum inkagulitsidwa pa mtengo woti wantchito wa m'khitchini akwanitse. Wogula wotere akapeza theka la tsamba lopanda kanthu angaganize kuti wabedwa, monga momwe angaganizire wogula chimanga akapatsidwa ndowa yosadzaza. Ena amanenanso kuti kuthinana kwa masamba a Drum kudafanana ndi kuthinana kwa Sophiatown, komwe alembi ake ambiri ankakhala kapena kucheza boma lisadayambe kusamutsa anthu mu Febuluwale 1955. Maganizo amenewa ndi okoma kuwamva, koma sayenera kuphimba cholakwa. Tsamba likakhala ndi mitu itatu kapena inayi, uliwonse ndi zilembo zake zonenepa, pamodzi ndi malonda ofuula nawo m'mbali, limafanana ndi msonkhano womwe aliyense akukuwa: palibe amene amamveka. Zilembo zonenepa zimaoneka zonenepa pokhapokha pali zoonda pafupi. Masamba abwino koposa a Drum ndi aja omwe chithunzi chimodzi chidaloledwa kulamulira, zina zonse n'kugonja.

Cholakwa chachikulu chidali pa chikuto. Mwezi ndi mwezi, nkhope yoonekera kwambiri pa chikuto cha Drum idali ya mtsikana wokongola womwetulira. Pali mbali ziwiri pa nkhaniyi, ndipo zonse ziyenera kumveka. M'dziko momwe nyuzipepala za azungu zinkaonetsa munthu wakuda ngati wantchito kapena mbava, kuika mayi wakuda wovala bwino pa chikuto kudali kunena kuti nayenso ndi munthu woyenera kuyang'anidwa mwaulemu. Kujambula kokhako kudali ndi zoopsa zake: Schadeberg ndi Dolly Rathebe, woimba komanso katswiri wa kanema wa mu 1949 wotchedwa Jim Comes to Jo'burg, adagwidwa ndi apolisi akujambulana pa mulu wa mchenga wa ku mgodi, powaganizira kuti akuswa lamulo loletsa chibwenzi pakati pa mzungu ndi wakuda. Mbali inayo ndi yakuti mtsikana wa pa chikuto adali nyambo. Ankaikidwapo kuti amuna atulutse ndalama m'thumba. M'zaka zomwezi, pa 9 Ogasiti 1956, amayi pafupifupi 20,000 adaguba kupita ku Union Buildings ku Pretoria kukakana ziphaso, motsogozedwa ndi Lilian Ngoyi, Helen Joseph, Rahima Moosa ndi Sophia Williams. Amayi a mtundu umenewu ankapezeka m'kati mwa magazini, koma chikuto, chomwe ndi khomo la nyumba, kawirikawiri chinkaphunzitsa kuti ntchito ya mkazi ndi kumwetulira.

Kuti chikuto si chokometsera chabe zidaoneka poyera mu 1957. Chaka chimenecho Althea Gibson, mayi wakuda wa ku America, adapambana mpikisano wa tenesi wa Wimbledon atagonjetsa Darlene Hard, mzungu wa kwawo komweko. Padatuluka chithunzi cha Hard akupsompsona Gibson pomuyamikira. Sylvester Stein, yemwe adalowa m'malo mwa Sampson mu 1955, adafuna kuchiika pa chikuto. Bailey adakana, ndipo Stein adasiya ntchito. Nkhani ya kupambana kwa Gibson siidali yobisika. Aliyense akadatha kuilemba. Chomwe chidaopedwa chidali malo ake ndi kukula kwake: milomo ya mzungu pa tsaya la wakuda, pa chikuto chopachikidwa m'misewu yonse ya Johannesburg. Mwini magazini adali ndi zifukwa zake zoopera boma lomwe likadatha kutseka bizinesi yake. Koma nkhaniyi imaonetsa kuti ngakhale m'magazini yolimba mtima ngati Drum, mawu omaliza pa tsamba loyamba adali a mwini ndalama, ndipo mwini ndalamayo adali mzungu.

Chinanso chodetsa nkhawa ndi malonda. Wowerenga akatsegula magazini saona tsamba limodzi. Amaona awiri oyang'anana, ndipo diso lake limawawerenga ngati chinthu chimodzi. Pakati pa malonda omwe ankatsatsidwa kwambiri m'Drum padali mafuta oyeretsa khungu. Otsatsawo ankalonjeza kuti khungu loyererapo lidzabweretsa chikondi, ntchito yabwino ndi ulemu. Motero m'magazini imodzimodziyo, mlembi ankatsutsa boma loweruza munthu potengera khungu lake, pamene wamalonda ankauza munthu yemweyo kuti khungu lakelo ndi vuto lofunika mankhwala. Mafutawa adawononga nkhope za anthu ambiri, ndipo South Africa idadzaletsa kugulitsa zodzola zoyeretsa khungu mu 1990. Woteteza Drum anganene kuti walira mvula walira matope: popanda ndalama za otsatsa malonda, Nxumalo sakadapita ku Bethal ndipo Gosani sakadakhala ndi kamera. Zimenezo n'zoona. Koma ndi zoonanso kuti malondawo nthawi zambiri adali ndi zithunzi zokopa ndi zilembo zosankhidwa mosamala kuposa nkhani zoyandikana nazo, chifukwa otsatsa ankalipira akatswiri awoawo. Mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu wotsegula magaziniyo sankasiyanitsa kuti mawu awa ndi a mkonzi, awa ndi a wogulitsa mafuta. Kwa iye zonse zidali Drum.

Nthano zopeka nazo sizidapeze malo abwino. Drum idathandiza kutulukira alembi: Can Themba adadziwika atapambana mpikisano wake wa nthano zazifupi mu 1953, ndipo Mphahlele adakhalapo mkonzi wa gawo la nthano asadapite ku Nigeria mu 1957. Koma kayalidwe komwe kamakomera nkhani ya nkhonya sikakomera nthano. Nthano imafuna bata: danga lotakasuka, mpata wokwanira pakati pa mizere, ndi zilembo zokhala ndi timichira kumapeto kwake, zomwe osindikiza mabuku akhala akuzikonda pa nkhani zitalizitali. Magazini ya zithunzi imapereka masamba abwino kwa zithunzi, n'kudula nkhani yaitali pakati ndi kutumiza wowerenga ku masamba a kumapeto, komwe yotsalayo imapanikizidwa pakati pa malonda. Wowerenga yemwe mtima wake udali m'mwamba amayenera kufunafuna tsamba, ndipo akalipeza moto wa nthano uja wazirala.

Tom Hopkinson, yemwe adakhalapo mkonzi wa Picture Post kuyambira 1940 mpaka 1950, adatsogolera Drum kuyambira 1958 mpaka 1961. Mu nthawi yake, pa 21 Marichi 1960, apolisi adapha anthu 69 ku Sharpeville, ndipo Ian Berry wa ku Drum adajambula khamu likuthawa zipolopolo. Zithunzi zakezo zidasindikizidwa m'mayiko ambiri. Pofika nthawiyo Nxumalo adali ataphedwa ndi anthu osadziwika, ndipo anzake angapo adali atachoka m'dzikomo kapena ali pafupi kuchoka.

Drum siidathere ku South Africa. Idakhala ndi makope akeake a ku Ghana, ku Nigeria, kum'mawa ndi pakati pa Africa, ndipo kayalidwe ka mtundu wake, ka chithunzi chachikulu, mutu wonenepa ndi madanga opapatiza, ndi komwe anthu ambiri amakaganizira akamva mawu oti magazini. Apa mpofunika chenjezo kwa oyala masamba a Chichewa, ngakhale akhale ophunzira okonza magazini ya pa sukulu. Danga lopapatiza lidapangidwira Chingerezi, chomwe mawu ake ambiri ndi aafupi. M'Chichewa mneni mmodzi amanyamula mwininkhani, nthawi, pamtherankhani ndi zina, kotero kuti mawu monga akuti "sindikadakuuzaninso" akhoza kudya theka la mzere. Woyala akaumirira kuti mizere yonse ithere pamodzi ku dzanja lamanja, pamatsala mipata ikuluikulu pakati pa mawu, ndipo ndime imaoneka ngati munda wa chimanga chomera mwa apa ndi apo. Akafuna kutseka mipatayo amayamba kudula mawu kumapeto kwa mzere, ndipo apa ndi pamene pamachitika ngozi.

Phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu, kupatula m woima payekha monga wa m'mawu akuti "mtengo". Choncho "mankhwala" amadulidwa kuti ma-nkhwa-la, "chinthu" kuti chi-nthu, "anyamata" kuti a-nya-ma-ta. Kompyuta yomwe idauzidwa kuti nkhaniyo ndi ya Chingerezi siidziwa zimenezi. Ikhoza kudula kuti man-khwala, chin-thu kapena any-amata, ndipo mwana wa Sitandade 3 yemwe adaphunzira kuwerenga ndi maphatikizo amapunthwa pomwepo. Nkhodolero ya m'mawu akuti "ng'ombe" si malo odulirapo, chifukwa ng' ndi liwu limodzi. Palinso ŵ wa katsindwi, yemwe sapezeka m'mitundu ina ya zilembo; woyala akasankha mtundu wotere chifukwa cha kukongola kwake, lembolo limatuluka losiyana ndi anzake kapena pamalo pake pamangoima kabokosi. Mankhwala ake si ovuta: danga la Chichewa likhale lotakasuka kuposa la Chingerezi, mizere iloledwe kuthera mosiyana ku dzanja lamanja, ndipo mawu odulidwa aonedwe ndi munthu wodziwa chiyankhulo tsamba lisanapite ku makina. M'magazini a ziyankhulo ziwiri, kupatsa Chichewa danga lofanana ndendende ndi la Chingerezi kumaoneka ngati chilungamo, koma zotsatira zake zimakhala zakuti zilembo za Chichewa zimachepetsedwa kuti nkhani ikwane, ndipo wowerenga wa kumudzi, yemwe mwina maso ake ndi ofooka kale, ndiye amalandira tizilembo tating'ono.

M'masiku a Schadeberg kusintha tsamba kudali ntchito yolemetsa. M'nyumba zambiri zosindikizira mawu ankaumbidwa ndi mtovu wosungunula, mzere umodziumodzi, pa makina a Linotype omwe adayamba kugwira ntchito ku New York mu 1886. Mitundu ya zilembo idali yowerengeka, ndipo kulakwitsa muyeso wa danga kunkatanthauza kuumbanso mizere yonse. Kuvutaku kunkakakamiza munthu kuganiza asanachite. Kuyambira mu 1985, pamene pulogalamu ya PageMaker idatuluka, ntchito yonseyi idayamba kutheka pa kompyuta ya pa tebulo, ndipo mitundu ya zilembo idachuluka ngati mchenga. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada: masamba ambiri okonzedwa ndi ongoyamba kumene amakhala ndi mitundu isanu ndi umodzi ya zilembo pamene iwiri ikadakwana. Nawonso akatswiri ena adafika pomaiwala wowerenga. Mu 1994 David Carson, woyala masamba a magazini ya nyimbo ya Ray Gun ku America, adaona kuti nkhani ina yocheza ndi woimba Bryan Ferry ndi yosasangalatsa, ndipo adaisindikiza yonse ndi tizizindikiro tosawerengeka m'malo mwa zilembo. Anzake a ntchito imodzi amaikamba nkhaniyi moseka. Woyala masamba a Drum sakadayerekeza kuchita zotero kwa munthu yemwe wadzimana buledi kuti agule magazini.

Mu 1984 Bailey adagulitsa Drum kwa Naspers, kampani ya nyuzipepala za Chiafrikaans yomwe kwa zaka zambiri idali pafupi ndi chipani cholamula cha tsankho. Mu 2020 magaziniyi idaleka kusindikizidwa pa pepala n'kutsala pa intaneti pokha, pomwe palibe masamba awiri oyang'anana ndipo chithunzi chilichonse chimakula molingana ndi foni ya wowerenga. Zithunzi za m'zaka za m'ma 1950 zija zidasungidwa, ndipo zimaonetsedwa m'mabuku ndi m'nyumba za zionetsero m'mayiko ambiri, chilichonse pachokha, chozunguliridwa ndi malo oyera omwe Drum siinkawakwanitsa. Zikatero zimaoneka zaulemu ndithu, koma woziona sadziwa mutu womwe udali pamwamba pake, mtsikana yemwe adali pa chikuto cha mwezi umenewo, kapena mafuta omwe ankatsatsidwa m'masamba oyandikana nawo. Ndende ya Number Four idatsekedwa mu 1983. Lero ndi malo osungirako mbiri pa Constitution Hill, moyandikana ndi nyumba ya khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, yomwe idatsegulidwa mu 2004, ndipo alendo amayenda m'bwalo lomwe lija Gosani adalijambula ali pa denga la nyumba ya anamwino.